Ngongole ya Sukulu Imene Sinatchulidwe Pamaliro

Mwana wanga anaphunzira ndi ndalama za mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga. Zimenezi sindinazikanepo, ndipo lero lino sindizikana. Chimene ndinakana n'chakuti mdzukulu wanga akhale malipiro a ndalamazo.

Tinkakhala ku Dambe. Amuna anga atamwalira, mlamu ameneyu anafuna kundilowa chokolo, ine n'kukana. Sanakwiye pamaso. Anangoseka n'kunena kuti, "Palibe kanthu alamu, chibale sichitha." Munthu ukamukana iye n'kuseka, uzitseka chitseko dzuwa lisanalowe. Anali ndi golosale pa Kamwendo, komanso lole yakale imene inkaoloka malire kupita ku Zambia itasenza mtedza, n'kubwerako ndi katundu amene wina ankaonetsedwa pachipata, wina ayi.

Mnyamata wanga, yekhayo amene anakula mwa ana onse amene ndinabereka, anasankhidwa kupita ku sekondale. Ndinagulitsa mtedza wonse wa chaka chimenecho koma fizi sinakwane. Mlongo wanga, amene akanayenera kuona zimenezi monga mwinimbumba, anali atafera kale kumigodi. Mlamu atamva anabwera pa njinga.

"Mwana wa akulu anga ndi mwana wanga," anatero. "Ndimphunzitsa ndine. Akadzayamba ntchito adzandikumbukira."

"Kukumbukira kwake kotani?" ndinafunsa.

"Alamu, inu ngakhale madzi akumwa mumayamba mwanunkhiza."

Ndinavomera chifukwa kunalibe kwina kolowera. Teremu iliyonse ankampatsa mwanayo ndalama pakhonde la golosale, masana, tsiku la msika, kuti Kamwendo yense aone dzanja lake. Patchuthi mwanayo sankagona kwathu. Ankanyamula matumba m'golosalemo, kukwera pamwamba pa lole, kubwerako mapewa atasupuka. Ine ndinkaona zonsezo.

Anamaliza, n'kukhala mphunzitsi pa sukulu ina cha ku Kapondo. Anakwatira mkazi wa kutsidya kwa malire, n'kubereka mwana wamkazi. Zinali zaka zija za makadi. Popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ndipo panali anyamata amene ntchito yawo inali kuima panjira n'kumaona makadiwo. Mwana wanga anali ndi pakamwa, anatengera bambo ake. Tsiku lina anyamatawo anagwira mkazi wake ali ndi pakati pena, pamene pambuyo pake panapita padera, n'kumuuza kuti agule makadi awiri, lina la amene ali m'mimbayo. Mwana wangayo anaseka n'kufunsa ngati angathe kulowa m'mimbamo kuti akamuonetse mwanayo posayina. Anthu anaseka. Mmodzi mwa osekawo ananyamula mawuwo n'kukawatula koyenera. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Mwana wanga anathawira kutsidya kudzera njira zam'minda asanamugwire. Anyamata a makadi anafika kwathu, anang'amba mphasa, anaswa mitsuko, anandimenya mbama zimene ndinamva nazo belu m'khutu mpaka mvula inagwa. Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga analibenso dzina, anali "chigawenga chija". Anaitanitsanso mlamu kuti anene zimene akudziwa. Mlamuyo anaima pabwalo panga pomwe, chipewa chili m'manja, nati, "Ameneyo ine sindimdziwa bwino. Anakulira kwa amake." Ndinamva ndi khutu limene linatsala.

Mpongozi wanga anadzandisiyira kamwana kaja n'kutsatira mwamuna wake. Patapita mvula ziwiri anabwera naye pa ngolo, atamufunditsa bulangete. Chifuwa chinamupha kutsidyako. Mkaziyo analira maliro, anabwerera kwawo, kenako ndinamva kuti anakwatiwa kutali kumigodi ya kwawoko. Sanabwerenso. Mwana anatsala ndi ine.

Kwathu kuno, bokosi likakhala pakhomo asanalinyamule, munthu wamkulu amaimirira n'kufunsa kuti ngati alipo amene malemu anali naye ngongole anene pomwepo, abale amve. Ikatchulidwa, abale amaisenza. Ikapanda kutchulidwa, imalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake, ndipo woitchula pambuyo pake amakhala ngati wafukula mtembo. Pamaliro a mwana wanga anthu anali ochepa, chifukwa ambiri anaopa kuonedwa. Panalinso amuna awiri achilendo amene sanalire, sanaimbe, ankangoyang'ana nkhope za anthu. Nkhalamba ina ya mumpingo mwathu inaimirira n'kufunsa funso lija. Inadikira, n'kufunsanso. Ine maso anga anali pa mlamu. Anali ataima kumapeto, kuseri kwa mtengo wa mango, chipewa atachitsitsira kumaso. Sanatsegule pakamwa. Adzukulu ananyamula bokosi.

Zaka zinadutsa. Mdzukulu wanga anakula, anayamba sukulu, anatalika mpaka kundifika m'khutu. Ndinkamutcha mkazi mnzanga monga timachitira agogo, iye n'kumati ndikamwalira adzatenga mitsuko yanga yonse. Mabere anali atangoyamba kuphuka pamene lole ya mlamu inagwidwa kutsidya, katundu yense n'kulandidwa. M'golosale munatsala machesi, mchere ndi sopo wowerengeka. Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti njinga ija ibwera. Munthu zikamuthera amayamba kukumbukira aliyense amene anamupatsapo kanthu.

Inabweradi, nyengo yokolola itangotha. Ndinamuyalira mphasa. Anafunsa za moyo, za mvula, za mtedza, maso ake akuwerenga mbuzi m'khola.

"Alamu, ndabwerera kanthu kaja."

"Kanthu kati?"

"Ka sukulu. Mwana uja anayamba ntchito koma sanandikumbukire. Zaka zonse zija fizi, yunifolomu, ya basi. Sindinkatola pansi ndalama zimenezo."

"Mwana uja ali kumanda, alamu. Njira mukuidziwa."

"Anasiya amake. Anasiya mwana."

"Bokosi lili pakhomo paja anafunsa. Inu munali pamango apo. Kapena simunamve?"

Anayang'ana kumsewu, n'kutsitsa mawu. "Mukudziwa mmene zinthu zinalili tsiku limene lija. Ndikanatchula bwanji pamaso pa anthu aja?"

"Mmene zinalili ndi mmene zilili. Anthu ake ndi omwewo."

"Miyambo ya kumanda sidyetsa ana anga. Ndikupatsani mpaka mwezi uno uthe."

Pomwepo mdzukulu wanga anatulukira kuchokera kumadzi, ndowa ili pamutu. Anagwada kupereka moni. Mlamu anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pang'onopang'ono, monga amayang'anira thumba la mtedza asananene mtengo.

"Wakula," anatero.

"Lowa m'nyumba iwe," ndinatero ine.

Mwezi unatha. Ndalama ndinalibe, ndipo ndikanakhala nazo sindikanapereka, chifukwa ukapereka kamodzi wavomera zonse. Ndinasiya kumutuma mwanayo kuchigayo. Kusukulu ndinkamuuza kuti azipita pagulu, azibwera pagulu. Koma Loweruka kulibe sukulu, ndipo alipo amene anawauza kuti Loweruka m'mawa timakhala awiriwiri pakhomo tikuswa mtedza.

Anabwera atatu: mlamu pa njinga, ana ake aamuna awiri pa ngolo. Ana amenewa ndinkawabereka kumsana ali makanda, ankanditcha amayi aakulu. Tsiku limenelo sanapereke moni. Wamkulu anatsegula khola n'kuyamba kukoka mbuzi, wamng'ono anakwera m'nkhokwe n'kuyamba kuwolera mtedza m'matumba. Ine ndinakhala pamphasa, manja akuswabe mtedza. Mbuzi zimaberekana, mtedza umamera. Ndinangomukokera mwanayo kumbuyo kwanga.

Atamaliza, mlamu anayang'ana m'ngolomo n'kupukusa mutu.

"Sizikukwana, alamu. Ngakhale za fomu yoyamba sizikufika."

"Tengani ndi chitseko chomwe."

"Chitseko sichiphika. Mtsikanayu apite akathandize agogo ake aang'ono kunyumba. Akagwira ntchito zaka zingapo, tidzaona pamene tafika. Bambo ake anadya zanga, iye abweze ndi manja."

Wamkulu uja anabwera n'kumugwira mwanayo padzanja. Mtondo unali pafupi, musi utatsamira pamenepo. Sindikumbukira kuimirira. Ndikukumbukira kulira kwa musi pa bondo lake, ngati ukuswa dzungu louma. Anagwa akukuwa. Ndinaukwezanso kuti ndimufike pamutu, ndipo ndikanamufika, koma mng'ono wake anali atatsika m'nkhokwe ndi mpini wa khasu. Anandimenya padzanja lamanja, pakati pa chigongono ndi chikhatho. Ndinamva fupa likuthyoka ndisanamve ululu. Musi unagwa. Anandikankha, ndinagwa chagada, n'kundiponda kukamwa ndi nsapato. Mano awiri akutsogolo ndinawalavula pa makoko a mtedza.

Mwanayo sanathawe, ngakhale ndinkamukuwira kuti athawe. Anamulumphira wamng'onoyo kumsana n'kumuluma khutu. Mlamu mwiniwake ndiye anamuchotsapo pomukoka tsitsi, anamuwomba mbama ziwiri, n'kumumanga manja ndi chingwe cha mbuzi. Anamuponya m'ngolo pakati pa mbuzi ndi matumba. Wa bondo uja anachita kumukweza m'ngolomo, iye akutukwana. Ndinayesa kudzuka, mlamu anandiika phazi pachifuwa, osapondereza kwambiri, kungondisunga pansi.

"Mukanavomera kale lija, alamu, bwenzi zonsezi zili za m'nyumba imodzi."

Ngolo inanyamuka. Mwanayo ankaitana "agogo, agogo" mpaka mawu anathera kudambo. M'mudzi monse anthu analipo. Ndinkaona maso m'mipata ya mipanda. Palibe anatuluka. Fumbi litakhazikika, mayi wina woyandikana naye anabwera ndi timitengo ta nsungwi ndi nsanza, n'kundimanga dzanja akulira. Ndinamuthokoza. Mpaka lero ndimaganiza kuti za Loweruka zija anawauza ndi iyeyo, chifukwa mwamuna wake ankatenga fodya pangongole ku golosale kuja.

Ndinapita kwa amfumu. Anamvetsera bwinobwino mpaka pamene ndinatchula mwana wanga, kenako anayamba kuyang'ana nkhuku zawo. Anati ndi nkhani ya m'banja, tikambirane pachibale. Kupolisi sindinaganizeko n'komwe. Mayi wa chigawenga akalowa kumeneko ndi miyendo yake, potuluka sadziwa.

Ndinagona masiku angapo dzanja litatupa ngati mtsamiro. Kenako mayi wina wogulitsa tomato, amene ankapita ku Kamwendo tsiku lililonse la msika, anadutsa pakhomo. Ndi mayi wokonda kuoneka kuti akudziwa zinthu, ndiye sindinamufunse kanthu, ndinangomupatsa madzi. Anayamba yekha.

"Musadandaule agogo, mwana uja akumusunga bwino. Amugulira diresi yatsopano, yamaluwa. Amuluka ndi tsitsi lomwe. Ndinamuona akupereka madzi osamba m'manja kwa mlendo wawo uja, dalaivala wa kutsidya amene akumadya pamenepo masiku ano."

Anapita akuganiza kuti wanditonthoza. Wantchito samugulira diresi yamaluwa. Mlamu ankafuna lole yake, dalaivalayo anali ndi anthu odziwana nawo kutsidyako, ndipo mwana akangooloka malire amenewo pa mpando wakutsogolo wa galimoto, sindikanamuonanso.

Ndinaganiza za chimene ndinali nacho. Mphamvu ndinalibe, wondiimira ndinalibe. Ndinali ndi chinthu chimodzi chokha, chimene mlamu ankachiopa kuposa njala. Ngongole yakeyo ankatha kuitchula pabwalo panga, pamaso pa nkhuku ndi anthu amantha. Pagulu sakanatha, chifukwa kuitchula kunali kunena kuti chigawenga chija anachiphunzitsa ndi iye. N'chimene chinamutseka pakamwa pamaliro. Ndinadziwanso kuti moto umenewo ukayaka undiwotcha ndi ine ndemwe. Ndinayang'ana dzanja langa n'kuona kuti latha kale.

Tsiku la msika ndinafukula kamphika ka mtedza wambewu kamene ndinkakwirira pansi pogona, kamene ana aja sanakapeze. Ndinathira m'kadengu. Khadi langa ndinalimanga pamfundo ya chitenje monga mwa masiku onse. Sindinauze munthu kumene ndikupita. Wofunsa ndinkamuyankha kuti kuchipatala.

Pakhomo la msika anyamata a makadi anali atamanga chingwe chawo. Ndinamasula mfundo ndi mano otsala, ndinaonetsa, ndinadutsa. Sindinapite kugolosale nthawi yomweyo. Zaka zonse zimene ndinkagulitsa mtedza pamsikapo ndinali nditaona kuti dzuwa likafika pamutu, anyamatawo ankasiya mmodzi pachingwe, ena onse n'kupita kukakhala pakhonde la mlamu. Ankawapatsa ndudu ndi tiyi waulere kuti azimuona ngati wawo. Ndinakhala tsidya lina la msewu, kuseri kwa amayi ogulitsa zitumbuwa, n'kudikira.

Anabwera, anakhala, makapu anatuluka. Mtsogoleri wawo anali mnyamata wamtali wa chipsera pachibwano, yemwe uja anandimenya mbama zaka zapitazo, tsopano atanenepa. Ndinaoloka msewu, ndinakwera pakhonde, ndinagwada bwinobwino pakhomo la golosale, kadengu patsogolo. Ndinayankhula mokweza monga amachitira anthu ogontha, ndipo khutu limodzi linali logonthadi.

"Alamu, ndabwera ndi kangachepeka. Ndati ndiyambe kubweza ngongole ija."

Mlamu anali kuseri kwa kauntala akuyeza mchere. Dzanja linaima m'mwamba.

"Pitani kuseri alamu, mukapume. Tikambirana kunyumba."

"Iyayi, munkaperekera pakhonde pano anthu akuona. Ndibwezerenso pompano kuti aone. Ine sindidziwa kuwerenga, ndiye munene pamaso pa abwanawa kuti zonse zinali zingati, ndipo mbuzi zija ndi mwana uja zachotsapo zingati."

"Ndati pitani kuseri."

Wa chipsera uja anaika kapu pansi. "Ngongole yanji, agogo?"

"Ya sukulu, bambo. Mwandiiwala? Munabwera kwathu ku Dambe kudzafuna mwana wanga, mphunzitsi uja anathawira kutsidya. Munandifunsa kuti nzeru zoipazo anazitenga kuti, ine n'kulephera kuyankha. Ine ndine mbuli, bambo, ndikanamusiya akulima. Amene anamutumiza ku sekondale ndi awa. Fizi yonse ndi awa. Ngakhale njira ya kutsidya anaidziwira pa lole yawo, patchuthi. Ndiye akuti ndibweze, ndipo akunena zoona, anawononga zambiri pa mwana ameneyu."

Sindinaname ngakhale liwu limodzi. Amayi a zitumbuwa anasiya kuitanira malonda.

Mlamu anaseka, kuseka kouma. "Mabwana, mayiwa mutu suyenda bwino chimwalirireni mwana wawo. Ine sindinaphunzitsepo munthu."

"Simunamphunzitse?" ndinafunsa.

"Sindinamphunzitse."

"Ndiye ngongole ija?"

"Palibe ngongole."

"Khutu ili ndi lakufa, alamu. Nenaninso."

"Ndati palibe ngongole iliyonse pakati pa ine ndi inu."

Ndinatembenukira kumsewu kumene anthu anali atayamba kusonkhana. "Mwamva nonse. Akuti palibe." Kenako ndinabwerera kwa iye. "Nanga mwana wa malemuyo mukumusungiranji kuseri kuno?"

Wa chipsera anaimirira. Sanafulumire. Anafunsa mnzake wina, wachikulirepo, ngati akukumbukira amene ankapereka ndalama kwa mwana wasukulu pakhondepo. Mnzakeyo anati aliyense wa pa Kamwendo akukumbukira.

"Tsiku lija munatiuza kuti simumudziwa," anatero wa chipsera. "Tiyi yenseyu mumatimwetsa kuti tisafunse?"

Anamukokera mlamu pamwamba pa kauntala ndi kolala ya malaya. Sikelo inagwa, mchere unamwazika, botolo la maswiti linasweka. Anamugwetsera pakhonde, pafupi ndi ine kwambiri moti magazi oyamba anagwera m'kadengu kanga. Ankamumenya ndi zibonga zawo, wina anachotsa tcheni panjinga ya mlamu yomwe ija. Ankamufunsa kuti ena amene anawaphunzitsa ndi ndani, makalata a kutsidya amanyamulira ndani, koma sankadikira yankho. Mwana wake wamng'ono, amene anandithyola dzanja, anatuluka m'sitolo kuti alanditse bambo ake. Anamulandira ndi chibonga pamphumi, anagwa chafufumimba pa masitepe, n'kumamupondaponda. Wa bondo uja ndinamuona akutsimphina kulowera kumsika, osacheuka.

Ine sanandiiwale. Mmodzi anatembenuka, kamnyamata koti kakanakhala kamdzukulu wanga.

"Nanunso agogo, munabereka njoka, lero mukubwera kudzatiphunzitsa ntchito?"

Anandimenya kumaso ndi kuseri kwa dzanja, ndinagwa chammbali, ndipo anaponda pa nsungwi zija. Fupa limene linali litayamba kugwirana linasiyananso. Ndinaona mdima masana. Nditayambanso kuona, onse anali atabwerera kwa mlamu, amene tsopano sankakuwanso, ankangobuula. Ndinakwawa ndi dzanja limodzi mpaka kumapeto kwa khonde, ndinatsika, ndinadzera m'kanjira ka pakati pa golosale ndi nyumba ya telala.

Kuseri ndinapeza mkazi wa mlamu ataima pakhomo la khitchini, manja ali kumutu. Atandiona anandithamangira.

"Mwatiphetsa, mfiti inu. Mwaphetsa bambo wa ana anga."

"Mwana wanga ali kuti?"

Anandigwira pakhosi. Anali wamng'ono kwa ine ndi wonenepa, ndipo akanandipha pomwepo, koma mdzukulu wanga anatuluka m'khitchinimo ndi chikuni cha moto n'kuima nacho pafupi ndi nkhope ya mayiyo. Mayiyo anandisiya.

Mwanayo analidi mu diresi yamaluwa, tsitsi lolukidwa, nsapato kumapazi. M'manja munali mabala a chingwe atayamba kuuma, ndipo mlomo wam'munsi unali wotupa ndi bala latsopano. Amayi oyandikana nawo anali atasonkhana kumpanda akusuzumira. Ndinawaitana kuti ayandikire, aone bwino.

"Vula," ndinamuuza mwanayo.

"Agogo, pano?"

"Vula. Ndi nsapato zomwe."

Anavula. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kumufunditsa. Diresiyo ndinamuuza kuti aipinde bwino, aike nsapato pamwamba, apereke m'manja mwa mwini wake. Mayi uja sanatambasule manja, ndiye anaziika pamapazi ake.

"Amayi inu mwaona," ndinawauza a kumpanda aja. "Siinang'ambike, siinade. Nsapato ndi ziwiri. Chilipo china chawo chimene uli nacho, iwe?"

"Palibe, agogo."

"Za zimene wadya kuno, wagwirira ntchito. Mawa munthu asadzabwere kwathu kudzati pali ngongole ya diresi."

Tinatulukira kumbuyo, kudzera m'minda ya chinangwa, osati kumsewu. Phokoso la kukhonde linkamvekabe, kenako tinamva galimoto ikuima. Pambuyo pake ndinamva kuti mlamu anamutenga, anakakhala kumene anakakhala miyezi yambiri, n'kubwerako akukoka mwendo, diso limodzi litafa. Golosale sinatsegulidwenso. Dalaivala uja palibe anamuonanso pa Kamwendo. Mbuzi zanga sizinabwerere, ndipo sindinazifunse.

Tili m'njira mwanayo ankayenda patsogolo, chitenje atachigwira pachifuwa, ine pambuyo nditanyamula dzanja langa ndi linzake. Patali ndithu anafunsa osacheuka.

"Agogo, awapha?"

"Sindikudziwa. Yenda."

"Mukanafa inu bwanji?"

"Bwenzi watenga mitsuko. Mlomowo wakumenya ndani?"

"Amayi aja. Ndinakana kukamuperekera mlendo uja madzi kubafa."

"Anakugwira?"

"Ayi."

Ndinaima, ndinamutembenuza, ndinamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Sanaphethire. Tinapitiriza.

Cha kudambo tinakumana ndi bambo wina wa m'mudzi mwathu akuchokera kumsika ndi ngolo yopanda katundu. Ataona magazi pankhope panga anaimitsa ng'ombe nati tikwere, atifikitsa pakhomo, sitilipira kanthu. Mwanayo anali atagwira kale thabwa kuti akwere. Ndinamukoka. Ndinawathokoza bambowo, ndinati tikufuna kuwongola miyendo. Anatiyang'ana, anamenya ng'ombe zake, anapita.

Lolemba ndinamudzutsa mwanayo kuti apite kusukulu. Anati akuchita manyazi, anzake amva zonse. Ndinati manyazi sapha, avale. Ndinamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi, kenako ndinakakhala pansi pa mtengo wa kesha kumapeto kwa bwalo, pamene ndinkatha kuona chitseko cha kalasiyo ndi njira zonse ziwiri zolowera pasukulupo. Aphunzitsi aakulu anatuma mwana kudzandiuza kuti ndisavutike, iwo amuyang'anira. Ndinati zikomo kwambiri, n'kukhalabe pomwepo. Ndinkabwera naye m'mawa, ndinkabwerera naye masana, mpaka teremu inatha.